Ngolo Yakale, Thirakitala Yatsopano: Mbiri ya Kulumikiza ku Chembe

Holide yapitayi ndinapita kwathu ku Chembe ndi cholinga choti ndikapume, ndikadye usipa wofutsa, mabuku ndiwaiwale kaye. Koma tsiku lachiwiri lomwe amalume anandidzutsa mbandakucha kuti ndikawathandize kututa njerwa. Anali ataotcha uvuni wawo kuseri kwa mapiri, cha kumsewu wopita ku Monkey Bay, ndipo ankafuna kuti njerwazo zifike pamalo pomwe akumanga nyumba mvula isanayambe.

Amalume ali ndi ngolo yachitsulo ya matayala awiri, ija yokokedwa ndi thirakitala, yomwe anagula pa esiteti ina ya fodya itatsekedwa. Ngoloyo ndi yaikulu kwa ine pa zaka, mwinanso kwa mayi anga. Pansi pake pali jeke wa oyilo amene amatukula bokosi kuti katundu akhuthuke yekha ngati tipa. Thirakitala alibe, amachita kubwereka yolipira pa tsiku. Imene ankabwereka zaka zonsezi inali Massey Ferguson yokalamba, koma injini yake inafa, choncho ulendo uno kunabwera yatsopano, yonyezimira, mipando ikadali m'mapepala.

Kukoka inakoka bwinobwino. Vuto linabuka titafika pamalo otsitsira. Dalaivala anatenga paipi ya jeke kuti ailowetse kumbuyo kwa thirakitala, koma mutu wa paipiyo unakana kulowa m'bowo. Anayesa bowo lachiwiri, unakananso. Njerwa zomwe zikanakhuthuka m'kanthawi kochepa tinazitsitsa ndi manja, imodziimodzi, uku thirakitala yolipiridwa pa tsiku itangoima. Pofika madzulo tinali titayenda maulendo awiri okha m'malo mwa asanu, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana kutsidya kwa nyanja.

"Mphwanga, si iwe uli ku yunivesite? Tatiuza, chavuta n'chiyani apa?" anandifunsa amalume.

"Amalume, ine ndimaphunzira mbiri yakale, za makina sindizidziwa."

"Nanga ngoloyi si yakale?"

Onse anaseka, nanenso ndinaseka. Koma funsolo linanditsata mpaka ku Zomba. Nditaliganizira bwino ndinaona kuti amalume sanalakwitse. Paipi yokana kulowa ija ili ndi mbiri, ndipo mbiriyo inayambira pagombe lathu lomweli. Kuyambira 1875, makina akhala akufika kuno ali zidutswazidutswa, ochokera m'mayiko osiyana ndi m'mibadwo yosiyana. Amene agwira ntchito ndi okhawo amene anapeza munthu wodziwa kuwalumikiza. Ndi munthu ameneyu amene mabuku athu ndi mabajeti athu amamuiwala.

Sitima imene inayenda pamitu pa anthu

Mlendo aliyense akafika ku Chembe timamuonetsa manda a amishoni. Timamuuza kuti mu October 1875 gulu la Free Church of Scotland, lotsogoleredwa ndi E.D. Young, momwe munalinso dokotala wachinyamata Robert Laws, linakocheza pano n'kukhazikitsa Livingstonia yoyamba. Timamuuzanso kuti malungo anawazunza mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe mu 1894. Chimene sitikamba kawirikawiri ndi chombo chomwe anabwera nacho.

Ilala yoyamba inali kasitima ka nthunzi kotalika pafupifupi mamita 15, kopangidwa ndi kampani ya Yarrow ku London. Anakapanga mwadala kuti kazitha kumasulidwa ndi kumangidwanso, chifukwa ankadziwa kuti pa Shire pali mathithi omwe chombo sichingadutse. Anakamanga koyamba pomwe Zambezi amathira m'nyanja yamchere, n'kukwera nako Zambezi ndi Shire mpaka m'munsi mwa mathithi. Pamenepo anakamasulanso. Mafumu a Amagololo anasonkhanitsa anthu mazanamazana omwe anasenza zidutswazo pamutu mtunda wa pafupifupi makilomita 100, m'njira zamiyala, dzuwa likuswa mtengo. Amishoniwo analemba okha kuti palibe chidutswa chomwe chinasowa. Kumtunda kwa mathithi anakamanganso, ndipo pa 12 October 1875 kanalowa m'nyanja, kukhala sitima yoyamba kuyenda pamadzi athuwa.

Taganizani bwino. Chikanasowa chidutswa chimodzi chokha cha injini, sitolo yapafupi yogulako china inali kutsidya kwa nyanja zamchere. Ulendo wonsewo unadalira mabawuti, manati ndi kukhulupirika kwa anthu omwe mayina awo sanalembedwe. Dzina la David Livingstone, yemwe anali atamwalira kale mu 1873, tonse timalidziwa. Osenza aja ndi omanga aja timangowatcha "anthu".

Manambala atafufutika

Nkhani yachiwiri ndi ya Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya Anglican ya UMCA, yomwe inatchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanjayi mu 1895. Inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan, n'kutumizidwa kuno ili m'zidutswa zoposa 3,000. Boyila yake yokha inkalemera matani 11 ndipo sinkatheka kugawidwa. Anaikweza pangolo yapadera ya mawilo achitsulo, ndipo amuna 450 Achingoni anaikoka pamtunda kulambalala mathithi. Apa ndiye pali ngolo ndi "thirakitala" m'mbiri yathu: ngolo inali ya mawilo achitsulo, koma mphamvu yoikoka inali ya misana ya anthu akuno.

Chidutswa chilichonse chinali ndi nambala yosonyeza pomwe chiyenera kukhala. Tsoka ilo, pozikuta zitsulozo kuti zisachite dzimbiri, manambala aja anakwiririka. Amisiri anatsala ndi mulu wa zitsulo zopanda mayina, n'kuyamba kuyesa ichi ndi icho, bowo ndi bowo. Ntchitoyo inatenga pafupifupi zaka ziwiri kuno kumwera kwa nyanja, ndipo sitimayo inalowa m'madzi mu June 1901. Tsiku lija dalaivala akulimbana ndi paipi ya amalume, ankachita ntchito yomweyi, kungoti yaing'ono.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi zomwe zinachitika pambuyo pake. Mu 1953 amishoni anagulitsa sitimayo ku boma. Mu 1967, Malawi ataima kale payekha, inakonzedwanso kuti izinyamula anthu ndi katundu, ndipo injini ya nthunzi inachotsedwa n'kuikamo ya dizilo. Thupi la nthawi ya Mfumukazi Victoria linalandira mtima wa m'nthawi ya Kamuzu, n'kutumikirabe zaka zambiri. Kuti zimenezi zitheke panafunika anthu oyeza, osula ndi owotcherera, oti injini yatsopano ikhale pamalo omwe sanaikonzere, ndi kuti igwirizane ndi chitsulo chozunguza chopalasira. Lero sitimayi ili ku Monkey Bay, ndipo maganizo omwe analipo oisandutsa chipatala choyenda pamadzi sanafike pamapeto.

Ilala yomwe tonse timaidziwa inafikanso chimodzimodzi. Inapangidwa ndi Yarrow yemweyo, ulendo uno ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa kudzera ku Beira ndi njanji ya ku Chipoka, n'kuyamba ntchito mu 1951. Kuti ikuyendabe patatha zaka zoposa 70 si mwayi. Ndi ntchito ya mibadwo ya amisiri a ku Monkey Bay.

Ngakhale pagombe lathu lenilenilo, onani usodzi wa chilimira. Boti lamatabwa limakhomedwa ndi mmisiri wa m'mudzi, koma kumbuyo kwake kumakhala injini ya ku Japan, ndipo thabwa lakumbuyolo amachita kulilimbitsa kuti lipirire kunjenjemera. Siginala amakwerabe bwato wosema, luso lomwe makolo athu anali nalo Ilala isanabwere, koma nyali zamafuta zomwe ankaika pabwatopo zikulowedwa m'malo ndi mababu oyendera batire. Chakale ndi chatsopano pa bwato umodzi. Palibe amene amachita nazo chidwi chifukwa tinazolowera.

Kumene jeke wa amalume anachokera

Tibwerere ku ngolo. Nzeru yoti thirakitala izinyamula ndi kutsitsa zida pogwiritsa ntchito oyilo inatchuka ndi Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa kumpoto kwa Ireland. Mathirakitala oyambirira ankangokoka pulawo ngati ng'ombe, ndipo pulawo ikakodwa pa chitsa kapena mwala, thirakitala inkatha kudzuka kutsogolo n'kugudubukira chagada, kupha dalaivala. Ferguson analembetsa nzeru yake mu 1926, ndipo inakula n'kukhala mikono itatu ija timaiona kumbuyo kwa thirakitala iliyonse. Mu 1938 anagwirizana ndi Henry Ford pongogwirana chanza, popanda kusaina pepala, ndipo mu 1939 kunatuluka Ford 9N. Mgwirizanowo utasokonekera, Ferguson anali atayamba kupanga TE20, kathirakitala kotuwa, ku Coventry mu 1946. Anapanga oposa theka la miliyoni. Kampani yake inaphatikizana ndi Massey-Harris mu 1953, ndipo m'menemo ndi momwe munachokera Massey Ferguson 35 ndi 135, zomwe zinadzaza m'maesiteti a fodya ndi tiyi kuno kwathu.

Ferguson sankagulitsa thirakitala yokha. Ankagulitsa banja lonse: pulawo, chopalira, ngolo yokhuthula yokha, zonse zopangidwa kuti zigwirizane. Ngolo ngati ya amalume inabadwira m'banja lotere. Jeke wake ali ndi paipi imodzi. Pampu ya thirakitala ikakankha oyilo, jeke amatalika ndipo bokosi limatukuka. Potsika palibe chimene chimakoka. Kulemera kwa bokosi ndi kumene kumafinya oyilo kuti abwerere kudzera m'paipi yomweyo. N'chifukwa chake ngolo zoterezi sizifa msanga: mulibe zambiri zoti ziwonongeke.

Thirakitala ya lero ndi ya banja lina. Mmisiri amene amalume anamuitana kuchokera ku Monkey Bay, bambo wachikulire yemwe anagwirapo ntchito yokonza sitima, anandifotokozera kusiyana kunayi, ndipo ndinakulemba m'foni.

Koyamba ndi mutu wa paipi. Kale kampani iliyonse inali ndi wakewake, ina wopotokola, ina wongokankha. Masiku ano mathirakitala ambiri amatsata muyezo umodzi wa dziko lonse wa ISO, ndiye mutu wakale sulowa. Kachiwiri ndi mazinga. Zida zakale za ku Britain zili ndi mazinga oyezedwa m'mainchi, pomwe zina zatsopano zili ndi a mamilimita kapena a ku America. Amaoneka ofanana, amagwirana kawiri kapena katatu, ndipo ukakakamiza ndi sipanala umawaphwanya onse awiri.

Kachitatu ndi mabowo. Thirakitala yamakono ili ndi mabowo awiriawiri, chifukwa zida zambiri za lero zimafuna kukankhidwa popita ndi pobwerera. Jeke wa paipi imodzi amafuna bowo limodzi lotukulira, ndipo potsitsa valavu iyenera kungotsegula njira kuti oyilo abwerere mwaufulu. Mathirakitala ambiri ali ndi posinthira pake, kapena malo a chogwirira otchedwa float. Ukapanda kudziwa zimenezi, pampu imakankhira oyilo kubowo lotseka, injini imabuula, oyilo amatentha, ndipo tsiku lina udzalipira.

Kachinayi ndi komwe kanandidabwitsa. Mathirakitala akale ankakankha oyilo ndi puresha ya pakati pa 140 ndi 170 bar, pomwe atsopano amafika pafupifupi 200. Mmisiri uja anati: "Mwana wanga, yakale ija mukadzaza mopitirira muyezo inkangokana kutukula. Kufooka kwakeko ndi kumene kunkateteza ngoloyi. Yatsopanoyi sikana. Itukula mpaka china chake chithyoke."

Anawonjezanso za oyilo. Jeke amabwereka oyilo wa thirakitala, yemwe pamakina ambiri ndi yemweyo amene amafewetsa magiya ndi mabuleki. Oyilo wakuda wa zaka zambiri amene anatsalira mu jeke akanabwerera m'thirakitala ya eniake, ndipo amalume akanabweza makina odwala.

Zomwe anachita bamboyo zinali zosachititsa kaso kuziona. Anakhetsa oyilo wakale yense. Anachotsa paipi, yomwe labala wake anali atang'ambikang'ambika, n'kuitumiza ku Blantyre pa minibasi kuti akapange ina yofanana kutalika, ya mazinga akale mbali ya jeke ndi mutu watsopano mbali ya thirakitala. Anasintha malabala a m'kati mwa jeke. Paipi itabwera patatha masiku awiri, anayesa kutukula ngolo yopanda kanthu, kenako ya theka. Asanalowetse mutu pansi pa bokosi ankayamba walichirikiza ndi chipika. Ndipo nditafuna kupapasa paipi ndi dzanja kuti ndimve ngati ikudontha, anandimenya pamkono. Oyilo wotuluka pa kabowo kakang'ono ndi mphamvu yotere amaboola khungu n'kulowa m'thupi, ndipo munthu akhoza kuduka chala kapena dzanja. Anatenga katoni n'kuiyendetsa m'mbali mwa paipi. Safunsa anadya phula.

Pamene tinagula makina n'kuiwala cholumikizira

Wina anganene kuti iyi ndi nkhani ya m'mudzi chabe. Koma mbiri ya ulimi wa makina m'chigawo chino cha Africa ndi yodzaza ndi mapaipi okana kulowa, kungoti a ndalama zambiri.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la Britain linayambitsa ulimi waukulu wa mtedza ku Tanganyika mu 1947, m'madera a Kongwa, Urambo ndi Nachingwea. Anasonkhanitsa makina otsala kunkhondo, ena kuchokera ku Philippines, ndipo akasinja a mtundu wa Sherman anawasandutsa mathirakitala n'kuwatcha Shervick. Mizu ya tchire ndi dothi louma gwa zinawononga makinawo, masipeya ndi amakaniko sanakwane, mvula nayo inali yochepa. Pofika 1951 ntchitoyo inathetsedwa itadya mapaundi mamiliyoni ochuluka. Kuno ku Nyasaland, m'zaka zomwezo, bungwe la Colonial Development Corporation linayesa kulima mpunga ndi makina pa dambo la Limpasa ku Nkhata Bay, ndipo nazonso sizinapite patali.

Chimene chinafalikira pakati pa alimi wamba, makamaka m'chigawo chapakati, ndi ngolo ya ng'ombe. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Mmisiri wa pamsika amatha kutenga ekiselo ndi matayala a galimoto yakufa, n'kukhoma bokosi lamatabwa pamwamba. Ikathyoka, wokonza ali pafupi. Chida chimene anthu a pamalopo angathe kuchilumikiza ndi kuchikonza chimakhala. Chimene chimadikira munthu wochokera kutali chimagona pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumaikira mazira pampando.

Chitsanzo cha m'nthawi yathu tonse tikuchikumbuka. Boma linabwereka madola 50 miliyoni ku banki ya Exim ya ku India, ndipo mwa zina linagula mathirakitala 177 ndi makina 144 otongolera chimanga, kuti athandize alimi ang'onoang'ono. Ambiri mwa makinawo anadzagulitsidwa motchipa kwa anthu ena. Mu October 2016 Ombudsman wa nthawiyo, Martha Chizuma, anatulutsa lipoti la nkhaniyi, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagwirizana naye, mpaka akuluakulu a maunduna okhudzidwa analamulidwa kupepesa kwa Amalawi. Zambiri zomwe zinakambidwa zinali za momwe makinawo anagulitsidwira, ndipo n'zoyenera. Koma pali funso lina lomwe ngakhale pakanapanda chinyengo likanafunika yankho. Thirakitala ikafika ku Nankumba kapena ku Namwera, ikoka pulawo iti ndi ngolo iti? Fyuluta yake igulidwa kuti? Paipi ikaphulika mu December, mlimi akudikira kuti alime, ndani aipange? Thirakitala payokha silima. Ndi injini yokhala ndi mawilo, yodikira kulumikizidwa ku china chake.

Lero tikukamba za minda ikuluikulu ndi masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu January 2021 ndipo amaika ulimi wamakono patsogolo. Makina ena abwera, ochokera ku India, China, Brazil, Turkey ndi kwina. Adzapeza m'dziko muno muli kale mapulawo, ngolo ndi mapampu a zaka makumi asanu zapitazo, zomwe eniake alibe ndalama zozisinthira. Kukumana kumene kunachitika pabwalo la amalume kudzachitika kambirimbiri.

Kodi uku si kutamanda umphawi?

Mnzanga wina wophunzira uinjiniya nditamufotokozera zonsezi anandiyankha mosabisa. Anati: "Aise, ukukometsera zigamba. Mayiko anzathu akupanga makina, ife tikunyadira kumata zakale." Sindinganene kuti akunama kotheratu. Pali zakale zina zoyenera kutayidwa. Ngolo yomwe chitsulo chake chadyeka ndi dzimbiri, kapena yopanda mabuleki koma ikutsika mapiri a msewu wa ku Chembe itadzaza njerwa, ikhoza kupha anthu. Ndipo kulumikiza kwina komwe timakuona m'misewu, kwa waya ndi malabala a chubu, ndi kumene kumadzetsa maliro.

Koma apa mpamene pali kusiyana. Bambo wa ku Monkey Bay uja sanamate chigamba. Anafunsa buku la thirakitala, anayeza mazinga, anaganizira za puresha, n'kuuza amalume malire a katundu amene asapitirire. Kumeneko ndi kuganiza kwa injiniya, ngakhale alibe digiri. Ndipo palibe dziko lomwe linafika popanga makina lisanaphunzire kumasula, kukonza ndi kusintha makina a ena. Ferguson yemweyo anayamba ngati makaniko m'galaja ya mkulu wake ku Belfast. Robert Laws naye anaiona mfundoyi. Sukulu ya Overtoun yomwe anayambitsa ku Khondowe mu 1894 inkaphunzitsa aphunzitsi ndi abusa, komanso akalipentala, omanga ndi amisiri ena, ndipo ambiri a iwo anakagwira ntchito mpaka ku Rhodesia, Congo ndi ku Joni. Munthu amene anaona sitima ikumangidwa kawiri asanafike pa Chembe sakanaderera sipanala.

Komanso tiwerengere ndalama. Paipi, malabala, oyilo ndi malipiro a mmisiri zinali kachigawo kakang'ono chabe ka mtengo wa ngolo yatsopano, yomwe ikanafunanso ndalama zakunja zomwe dziko lathu likuzisowa. Chitsulo chilichonse chakale chomwe chabwerera pantchito ndi madola omwe sanatuluke m'dziko.

Gawo lathu ife a magauni

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mmisiri uja ndi wokalamba, ndipo zonse zimene amadziwa zili m'mutu mwake. Anandiuza kuti anyamata omwe amabwera kudzaphunzira amathawa pakangotha miyezi ingapo, ena kukayendetsa kabaza wa njinga yamoto, ena ku Joni. Sindikuwaweruza, ntchitoyi imalipira mochedwa. Koma akadzapita bamboyu, manambala adzafufutikanso ngati a Chauncy Maples, ndipo wina adzayambiranso kuyesa bowo ndi bowo.

Pamenepa ndi pomwe ife tingathandize, aliyense ndi maphunziro ake. Wa uinjiniya ku MUBAS kapena ku Bunda amene akusaka mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza angathe kuyenda boma limodzi n'kulemba mitundu ya mathirakitala ndi ngolo zomwe zilimo, mazinga ake ndi zolumikizira zomwe zimafunika, n'kuzilemba m'Chichewa ndi m'Chiyao pa pepala loti makaniko angapachike m'galaja. Wa zamalonda amene akudandaula kuti ntchito kulibe aganizire kuti paipi ya amalume inachita kupita ku Blantyre. Makina ofinyira mitu ya mapaipi ndi bokosi la zolumikizira ndi bizinesi yomwe ingathe kuyima pafupi ndi alimi. Amene mudzalowe m'boma n'kukhala pa komiti yogula katundu, musadzasaine musanafunse kuti makinawa adzalumikizidwa ku chiyani, masipeya ali kuti, ndipo ndani waphunzitsidwa kuwakonza. Ife a mbiri yakale, ntchito yathu ndi kutenga foni n'kukakhala pansi ndi amisiri a ku Monkey Bay, ku Malindi ndi ku Mpwepwe akadali moyo, kuti asadzatchedwenso "anthu" ngati osenza Ilala aja.

Ndipo tonse tisiye kaye kamtima kaja komaona mnzathu amene anapita ku sukulu ya ntchito zamanja ngati amene zinamukanika. Tsiku lija pabwalo panali ine wa chaka chachitatu ku yunivesite, panali dalaivala wa laisensi, panali thirakitala ya mamiliyoni. Tonse tinkadikira munthu mmodzi wa ovolosi yong'ambika.

Tsiku lachinayi m'mawa tinadzaza njerwa mpaka pamzere umene mmisiri anajambula ndi choko m'kati mwa bokosi. Titafika pamalo omanga, dalaivala analowetsa paipi, inalira kuti "kwa", n'kugwira. Anakoka chogwirira pang'onopang'ono. Jeke anatalika, bokosi linapendekeka, njerwa zinatsetsereka n'kuunjikana pansi fumbi lili koboo. Tsiku limenelo tinayenda maulendo asanu ndi limodzi. Mvula yoyamba inagwa sabata yotsatira, njerwa zonse zili pamalo, zofunditsidwa pulasitiki.

Pobwerera kusukulu amalume anandiperekeza pokwerera galimoto. "Mphwanga," anatero, "ukakalemba za mbiri yakoyo, ngolo yanga usakaisiye." Sindinaisiye, amalume. Ndangoiika pamzere umodzi ndi Ilala.